A mafuta akaitanitsa msonkhano padoko panu, konzekani chonchi

Dzina langa ndi siginecha yanga zili kumapeto kwa lipoti lina lonenepa, lipoti limene ndinadzaliona ndi maso patatha zaka 2. Ntchito yake sinali ya mafuta, ndipo kampani yake sinditchula. Anabwera Lachinayi m'mawa pa galimoto ziwiri zoyera, nthawi imene anyamata a khoka la chilimira anali atangogona kumene atachezera pamadzi, amayi ali kalikiliki kuyanika usipa pathandala. Amene tinapezeka pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu sitinakwane 40, ambiri okalamba. Mnyamata wina wa tayi analankhula Chingerezi ola lathunthu, mnzake n'kumasulira zonsezo m'mawu owerengeka. Kenako kunatsika makireti a Fanta ndi mabanzi, ndi pepala la mizere: dzina, mudzi, nambala ya foni, siginecha. "Ndi la alawansi basi, madala," anatero mtsikana amene ankaliyendetsa. Ndinasaina. Ine amene ndinaphunzitsa Sitandade 8 zaka 31, wouza ana tsiku ndi tsiku kuti werengani funso musanayankhe, ndinasaina pepala lopanda mutu. M'lipoti muja analemba kuti anthu a dera lino anafunsidwa maganizo ndipo chitukukocho anachilandira ndi manja awiri. Umboni wake unali pepala lomwe lija.

Chichokereni pamenepo ndakhala mlembi wa komiti ya padoko pathu kuno ku Nkhotakota. Zimene ndalemba apa ndi zimene ndimauza anzanga a m'makomiti ena nkhani ya mafuta a pansi pa nyanja ikayambanso kumveka pa wailesi.

Nkhani imeneyi imagona n'kudzuka. Boma linagawa dziko lino m'zigawo 6 zofufuzamo mafuta, ndipo mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inapatsidwa zigawo ziwiri zokhudza nyanja. Zina zinapita kwa makampani ngati SacOil ndi Rak Gas. Ziphaso zomwezi ndi zimene zinautsa mkangano wa malire a nyanja ndi dziko la Tanzania mu 2012, mpaka a Joaquim Chissano ndi a Thabo Mbeki kudzakhala amkhalapakati. Kenako kunali zii. Koma mizere ikatalika m'malo omwetsera mafuta, sipalephera kudzuka wina wonena kuti tikuvutikiranji chonsecho tagonera chuma. Tsiku lina galimoto zoyera zidzaimanso pasukulu.

Msonkhano usanachitike

Uthenga umadzera kwa a gulupu kapena a tcheya a VDC, kawirikawiri kutatsala tsiku limodzi. Choyamba, kanani tsikulo mwaulemu, mupereke lanu. Si mwano. Pitani kwa afumu mukati: "Gogo, eni ake a nkhaniyi ndi a pamadzi, ndipo m'mawa amakhala ali m'tulo. Tiwapemphe alendowa abwere masana, mwezi uli woyera." Mwezi ukawala a kauni, opha usipa usiku ndi nyali, sapita pamadzi chifukwa nyali sizikoka usipa, ndiye doko lonse limakhala pamtunda. Sabata imeneyo ndiyo yoitanira msonkhano.

Funsaninso kuti msonkhanowo ndi wa gawo liti la ntchito. Mafuta safika powapopa tsiku limodzi. Amayamba ndi kufufuza pansi pa madzi pogwiritsa ntchito phokoso, kenako amaboola chitsime choyesera, akawapeza ndiye amayamba kupopa. Kulola gawo loyamba si kulola onse atatu, ndipo mawu amenewa alembedwe momwemo.

Kenako pemphani lipoti lifike msonkhano usanachitike. Lamulo la zachilengedwe la 2017 silola ntchito yaikulu chonchi kuyamba popanda kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, uja amati ESIA, ndipo amene amamuvomereza ndi bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA. Ku ofesi ya DC kuli mkulu woona zachilengedwe, yambirani pamenepo. Musapite ndi pakamwa pokha. Lembani kalata makope awiri, lina adinde chidindo akubwezereni. Akamakuzunguzani, akumbutseni za lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Lipotilo limakhala lokula ngati Baibulo, la Chingerezi cholimba. Musalimbane nalo lonse. Pezani mphunzitsi kapena mwana wa Fomu 4, muwerenge chidule cha koyambirira, muone mapu, kenako mulumphire pa tebulo la kumapeto limene limatchula vuto lililonse, chimene adzachite nalo, ndi ndalama zake. Mukaona pamene alemba za kutayika kwa mafuta koma danga la ndalama lili mbee, funso lanu loyamba mwalipeza. Olemba lipotilo amalipidwa ndi kampani yomweyo. Sindikuti ndi abodza, ndikungoti dziwani amene anawapatsa ganyuyo.

Wina asakuuzeni kuti kufunsidwa maganizo ndi mwambo wongokwaniritsa. Ana athu a ku Joni akuidziwa nkhani ya ku Wild Coast, gombe la nyanja yamchere ku South Africa. Mu Disembala 2021 khoti la ku Makhanda linaimitsa kampani ya Shell kufufuza mafuta ndi gasi m'nyanja ya kumeneko, ndipo mu Sepitembala 2022 linagamula kuti chiphaso chake chinaperekedwa mosatsata lamulo. Chifukwa chachikulu chinali chakuti kukambirana ndi mafumu aakulu okha ndi kulengeza m'nyuzipepala zosafika kumidzi si kufunsa anthu. Mlanduwo unapitirira ku makhoti ena, koma sitima yofufuzira mafutayo inali itachoka.

Buku la padoko

Pa zonse zimene ndalemba, ichi ndiye ndimaumirirapo, ndipo sichidikira kampani. Gulani hadikava lero. Tsiku lililonse mlembi alembe deti, mphepo imene yaomba (mwera, mpoto kapena vuma), mabwato amene anapita pamadzi, ndowa za usipa ndi utaka zimene zatsika, ndi mtengo wa ndowa tsiku limenelo. Alembenso malo amene anaponya, m'mayina amene asodzi eni ake amawatchulira, osati a pa mapu a boma. Kamodzi pamwezi wina aime pamalo amodzimodzi ajambule gombe, mabango, ndi madzi a pamjigo ali m'botolo loyera. Loweruka lililonse anthu awiri asaine pansi pa tsamba.

Anthu amaseka ndikawauza zimenezi. Amati aphunzitsi asowa ana owalembera rejisitala. Ndimawayankha ndi nkhani ya ku Bodo, mudzi wa asodzi m'dera la Ogoni ku Nigeria. Mu 2008 paipi ya Shell inaphulika kawiri kumeneko, mafuta n'kukhala akutayikira m'mitsinje ndi m'madambo masabata ambiri. Mkangano umene unatsatira unali wa manambala: mafuta otayika anali ochuluka bwanji, ndipo asodzi ankapha nsomba zochuluka bwanji kale. Kampani inali ndi mapepala ake. Zinatengera mlandu wa ku London kuti ivomere kuti chiwerengero chake choyamba chinali chochepa kuposa mafuta amene anatayikadi, ndipo mu Januwale 2015 inalola kulipira mapaundi 55 miliyoni kwa mudziwo ndi anthu ake pafupifupi 15,600. Werengani zaka zimene zinadutsapo kuchokera 2008. Msodzi amene alibe cholemba amangoti kale nsomba zinali zambiri, ndipo loya wa kampani amamufunsa kuti zambiri ndiye zingati.

Buku lathu lili ndi mamba a usipa omatirira m'masamba, ndipo muli masabata 3 a Febuluwale wina opanda kanthu chifukwa ndinagona ndi malungo popanda wondigwirizira. Sankhani wachiwiri kwa mlembi, ndipo akhale munthu wopezeka padoko m'mamawa. Kwathu ndi mayi wina wa geni, amalemba bwino kuposa ine chifukwa mtengo wa ndowa saumva kwa munthu.

Gawanani mafunso

Madzulo oti mawa ndi msonkhano khalani pansi anthu 8 kapena 10, aliyense atenge funso limodzi alilembe pa kapepala. Mukasiyira munthu mmodzi amamutcha wovuta kapena wa chipani chotsutsa, nkhani n'kufera pomwepo. Mutu umodzi susenza denga. Mayi wa geni afunse lake, siginala, uja wotsogolera asodzi ndi nyali, afunse lake, ndi mnyamata wongokoka nawo khoka amene alibe ngakhale nkhafi afunsenso lake. Ameneyu ndiye amaiwalika pa chipukuta misozi chifukwa alibe katundu woti awerengedwe.

Siginala afunse za phokoso. Pofufuza, sitima imakoka mfuti za mpweya zimene zimaphulika m'madzi pafupifupi masekondi 10 aliwonse, usana ndi usiku. Phokosolo limalowa pansi n'kubwerera, makina n'kujambula mmene miyala yayalirana. Ku Norway akatswiri atayesa m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti nsomba zogwidwa m'dera lophulitsiralo ndi molizungulira zinatsika pafupifupi ndi theka, ndipo patatha masiku 5 zinali zisanabwerere. Ndiye afunse kuti adzaphulitsa miyezi iti, mtunda wotani kuchokera kugombe, ndipo mabwato adzaletsedwa kufika pati. Chambo chimaswana m'zisa za pamchenga n'kusunga ana m'kamwa. Boma limatseka nyanja nyengo yoswana, ndipo ku Mbenji, kwa Makanjira ku Salima, amatseka chilumba chaka ndi chaka mwa lamulo lawolawo. Ngati msodzi amalandidwa khoka chifukwa chosokoneza nsomba zoswana, sitimayo idzaloledwa ndi ndani?

Funso la kutayika kwa mafuta lifunsidwe ndi munthu wamkulu, mofatsa, osakweza mawu: "Achimwene, mafuta akatayika usiku wa mwera mu Julaye, zida zotchingira zidzachokera kuti, ndipo zidzafika patatha maola angati?" Musalandire yankho lakuti masiku ano zipangizo ndi zamakono. Mu 2010 nsanja yoboolera mafuta ya Deepwater Horizon inaphulika ku Gulf of Mexico, anthu 11 anafa, ndipo mafuta anakhala akutuluka masiku 87. Kumeneko ndi ku America, kumene sitima zothandiza zimangobwera zokha panyanja yamchere. Kuno sitima singakwere Shire chifukwa cha mathithi. Ilala yomweyi inabwera m'zidutswa kuchokera ku Scotland, anachita kuilumikiza kunokuno isanayambe kuyenda mu 1951.

Nyanja yathu ndi beseni lakuya pafupifupi mamita 700, lokhala ndi potulukira pamodzi pokha. Madzi ambiri amachoka ngati nthunzi, amene amatsika ndi Shire ndi ochepa, moti akatswiri amawerengera zaka mazanamazana kuti madzi onse asinthike. Cholowamo chimakhalitsa. Chimene chingatsike ndi Shire chikapeza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi mapampu a ku Walker's Ferry amene amamwetsa Blantyre. Mitundu ya nsomba imene ilimo iposa ya nyanja ina iliyonse padziko, n'chifukwa chake UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1984. Akakuuzani kuti adzatsuka, auzeni za lipoti la bungwe la United Nations loona zachilengedwe la UNEP la 2011 la ku Ogoni komwe kuja. M'mudzi wa Nisisioken Ogale anapeza madzi a m'zitsime ali ndi benzene, mankhwala oyambitsa khansa, wochuluka kuposa mlingo wa WHO maulendo oposa 900, ndipo anati kukonza deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Wina afunse kuti mwini wake weniweni wa kampaniyo ndani, ndipo likulu lake lili dziko liti. Ziphaso zimasinthana manja, amene wabwera kudzamwetulira lero mwina si amene adzaboole. Dzina la kampani yaikulu limene lili kuseri kwa yaing'onoyo ndi lofunika tsiku la mlandu. Anzathu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola ku Zambia, amene ankadandaula za madzi oipitsidwa ndi mgodi wa kopa, analoledwa ndi khoti lalikulu la ku Britain mu 2019 kusumira Vedanta, kampani yaikulu imene inali kuseri kwa mgodiwo, ku England komweko. Funso lotsatana nalo ndi la chikole: kodi pali ndalama zimene kampani yasungitsa pambali zokonzera zinthu zikaonongeka, ndi zotsekera zitsime ikamachoka? Zili kubanki iti, ndipo wosainira kuti zituluke ndani?

Pamodzi ndi mafuta pamatuluka gasi, ndipo makampani ambiri amangomuyatsa, moto wake n'kumalilima usiku wonse. Ife usipa timaukoka ndi nyali. Funsani kuti moto wotere pakati pa nyanja udzatani ndi kauni. Funsaninso kumene matope ndi madzi oipa ochokera m'chitsime adzatayidwe.

Za ntchito musatayepo nthawi. Funsani nambala, mtundu wa ntchito ndi miyezi yake, basi. Zambiri za anthu a m'mudzi zimakhala za ulonda ndi kulambula msewu.

Za malo ndiye chenjerani ndi tsiku lowerengera katundu. Ku Uganda ndi Tanzania, kumene kukudutsa paipi ya makilomita 1,443 yochokera ku Hoima kukafika ku Tanga, anthu anawerengeredwa minda n'kuuzidwa kuti asamangenso nyumba kapena kubzala mbewu zokhalitsa, ambiri n'kudikira malipiro zaka zingapo. Munthu asalole kuwerengeredwa asanauzidwe molemba tsiku lolandira ndalama, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadutsa.

Mawu awiri amene mudzawamve

Oyamba ndi akuti mafuta adzatsika mtengo ndipo mizere idzatha. Otuluka pansi ndi mafuta osayenga, simungawathire m'minibasi kapena mu injini ya boti. Malawi alibe fakitale yoyenga mafuta, petulo ndi dizilo wathu amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Nigeria inapeza mafuta ku Oloibiri mu 1956, koma kwa zaka zambirimbiri yakhala ikugula petulo kunja, mizere ilipo ngati kwathu konkuno. Uganda inawapeza ku nyanja ya Albert mu 2006, ndipo panadutsa zaka zoposa 15 isanagulitseko ngakhale mgolo umodzi. Ndiye funsani kuti akayengedwa kuti, ndipo gawo la boma ndi lotani. Dziko lino linalowa m'bungwe la EITI mu 2015, limene limafuna kuti ndalama zimene makampani a migodi ndi mafuta amapereka ku boma zizilengezedwa, kotero kufunsa zimenezi si kulowerera za eni.

Achiwiri ndi akuti azungu analemera ndi mafuta, lero akutiletsa ife ponamizira kusintha kwa nyengo. Apa ndimavomereza theka. Africa yense satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a utsi umene ukutenthetsa dziko, koma namondwe wa Ana anagumula Kapichira mu Januwale 2022 tonse n'kukhala mumdima, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anakokolola anthu ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe, oposa 1,000 kufa kapena kusowa. Mayiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022 kuti pakhale thumba lolipirira zoonongeka zotere. Chaka chotsatira ku Dubai malonjezo oyamba a thumbalo anali pafupifupi madola 700 miliyoni, a dziko lonse lapansi, pamene Malawi yekha anawerengera madola pafupifupi 680 miliyoni kuti akonze za Freddy. Wapampando wa msonkhano wa ku Dubai anali Sultan Al Jaber, mkulu wa kampani ya mafuta ya boma la Abu Dhabi. Wokwiya ndi zimenezi sindimutsutsa.

Koma mkwiyo umenewo suyankha funso la usiku wa mwera lija. Ndaona misonkhano ikusanduka mtsutso wa azungu ndi ife, anthu kuomba m'manja, nthawi n'kutha mafunso a pa timapepala asanafunsidwe. Wina akaiyamba nkhaniyo, a tcheya anene kuti tamva, tibwerere ku funso la amayi aja. Ndipo nkhani ya nyengoyo itembenuzeni ikhale funso lanu: ku Dubai komweko mayiko analemba kuti ayamba kuchoka pa mafuta, malasha ndi gasi. Mtengo ukagwa, kampani n'kulongedza ntchito ili pakati, zitsime za pansi pa nyanja adzatseka ndani?

Pepala lija

Likafika kwa inu, yang'anani pamwamba. Ngati palibe mutu, lembani nokha ndi bolopeni, zilembo zazikulu: MAINA A ANTHU AMENE ANABWERA KU MSONKHANO. KUSAINA SI KUVOMEREZA NTCHITO. Tsamba lililonse, osati loyamba lokha, chifukwa masamba amathothoka. Odinda chala awerengeredwe mutuwo mokweza asanadinde. Mukamaliza lijambuleni pafoni. Akakana kuti mulembepo, musasaine, alawansiyo ipite. Fanta imwani, siisainidwa.

Mlembi wanu alembe maminitsi akeake, funso ndi yankho lake, ndi dzina ndi udindo wa woyankhayo. Pamene anena kuti tikafunsa kulikulu, alembe momwemo, n'kufunsa tsiku lobweretsa yankho. Pemphani chilolezo chojambula mawu pafoni msonkhano usanayambe, pagulu, kuti akakana akane anthu akumva. Pomaliza, pemphero lisanachitike, mlembi aimirire awerenge zonse mokweza, afumu ndi mmodzi wa alendowo asaine.

Afumu musawachititse manyazi pagulu, ngakhale mukudziwa kuti alendo anayamba adzera kunyumba kwawo. Akachita manyazi amaima mbali ya mlendo. Apiteni madzulo, anthu awiri kapena atatu, muwafotokozere mafunso onse asanawamve pabwalo, muwapemphe kuti mawu awo otsekera akhale akuti anthu anga amva, akayankha akaona mayankho olembedwa.

Sabata isanathe lembani kalata yachidule yotchula mafunso amene sanayankhidwe. Kope lina lipite kwa DC, lina ku MEPA ku Lilongwe, lina kwa a zausodzi a paboma, lina kwa phungu wanu, lililonse lidindidwe polandira. Lipoti lomaliza likatuluka, tsegulani kumapeto mufanizire ndi maminitsi anu. Zikasiyana, lembaninso, muphatikize chithunzi cha pepala la maina lija.

Makope anu musawasunge nyumba imodzi. Athu ali m'majumbo awiriawiri chifukwa cha chiswe ndi kudontha, ena kwa ine, ena mu kabati ya kutchalitchi, ena kwa a shehe a kumzikiti wa padoko, ndipo zithunzi zake zili pa WhatsApp ya mwana wanga ku Lilongwe.